Zisa Zogwa pa Mulunguzi

Ntchito yanga ndi kusesa.
Zaka khumi ndi zinayi tsopano
m'munda wa maluwa uno, patsinde pa phiri,
ndipo mvula ikangoyamba kununkhira
tsache langa limakola zisa.

Si mphepo imene imazigwetsa, ayi.
Ndi eni ake.

Tchete wamwamuna, wachikasu ngati papaya lakupsa,
amang'amba tsamba la bango ndi mlomo,
kuluka, kumanga mfundo, kulukanso,
masiku atatu osapumira,
kenako n'kulendewera chadodolido pakhomo pake,
mapiko ali phephephe,
kukuwa ngati woitanira minibasi ya ku Songani.

Wamkazi amafika mochedwa,
malaya otuwa, wosadzola kanthu.
Moni sapereka.
Amalowa, kukoka kaudzu kamodzi,
kusuzumira pansi pomwe madzi akuthamanga,
n'kutuluka. Basi.
Ndipo bambo uja, osapita kwa ankhoswe,
amadula yekha chingwe.
Nyumba yonse pansi, phu!
Mawa ayambiranso.

Lero ndatola zisanu ndi ziwiri.
Ndazitembenuzatembenuza m'manja kufuna cholakwika.
Sindinachipeze.

Ana a sukulu ya ku Chirunga amabwera ndi makope.
Wina wamagalasi anandiuza
kuti chule wamkazi, kudambo la ku Chikanda,
pakati pa phokoso lonse lija
amatchera khutu ku mmero umodzi wokha, wa besi;
kuti chiphaniphani chimawerenga kuthwanima
ngati mayi wowerenga chenji;
kuti nyani wa ku Chawe amakumbukira
yemwe anam'nyamulira mwana tsiku la agalu.
Chiswamphika ndiye amasankha bwinobwino,
akatero n'kudya mutu wa mwamunayo.
Tinaseka mpaka misozi.
Iye analemba, ine ndinapitiriza kusesa.

Koma palibe kope lomwe linalemba za Asiyatu.

Chaka chimenecho tinali atatu
opondaponda pabwalo la amalume ake.
Mwenyekondo anali ndi malata ndi wailesi yaikulu.
Saukila anali telala pamsika,
kolala yake yosongoka ngati mpeni.
Ine ndinali ndi kanyumba ka udzu ku Chinamwali
ndi galu wa khutu limodzi.

Anabwera Loweruka, mvula ikuwaza.
Sanakhale pampando.
Anakoka kaudzu kamodzi padenga,
anayang'ana pakona pomwe thambo linkaonekera,
n'kunena kuti, "Apa pafunika beseni."
Anatuluka.
Usiku umenewo ndinafuna kugwetsa nyumba yonse.

Loweruka linalo anabwera nalo beseni,
atalisenza pamutu, zovala zake zili momwemo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinkamufunsa.
Tsiku lina ankati,
"Unkayenda ngati bakha, ndinakumvera chisoni."
Tsiku lina, akusenda chinangwa osandiyang'ana:
"Utakweza dzanja kukanda mutu,
galu wako sanabwerere m'mbuyo."
Kuchipatala chachikulu, bedi la pafupi ndi zenera,
mawu ake atatsala ngati ulusi,
ndinafunsanso.
Anatsegula diso limodzi. "Ukadali pomwepo?"
Anagona.

Tsono madzulo ano,
nkhungu ikutsika phiri pang'onopang'ono
ngati munthu wodwala maondo,
ndaona chisa chimodzi kunsonga kwa nthambi,
chopendekeka, khomo lokhota,
udzu uli nyankhalala.
Ine ndikanakhala woweruza, chikanagwa poyamba.

Wotuwa uja walowa.
Ndadikira. Tsache ndalitsamiritsa pamtengo.
Alonda aliza wenzulo, atseka geti la kumunsi.
Sanatuluke.

Mwamunayo ali panja, wasiya kukuwa,
akungosuntha miyendo panthambi,
nayenso sakudziwa chimene wachita bwino.

Ndikhala naye pang'ono.
Kunyumba kulibe wondidikira,
denga ndi la malata tsopano, silidontha,
koma mitambo yadetsa kumbali ya ku Chilwa,
ndipo ndikafika ndikaika beseni pakona paja.